Njinga Yodya Mayunitsi

Aliyense wa ku Mzimba amadziwa kuti chinthu chatsopano sichilengezedwa pa wailesi. Chimangotsika m'basi ya ku Joni, chitakulungidwa m'bulangeti n'kumangidwa ndi zingwe. Agogo athu a nthawi ya Wenela ankabwera ndi njinga ya Humber, makina osokera a Singer ndi galamafoni. Ulendo wa ku migodi unaduka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, unadzayambanso ndi TEBA, n'kutsekedwanso mu 1988. Koma wa ku Mzimba sadikira kontirakiti. Ana awo anayamba kupita okha, n'kumabwera ndi sola, TV yokana kulowa pakhomo, ndi njinga zamoto. Tsopano pa Jenda pakutsika katoni ina: njinga ya mapedulo ndi tcheni ndithu, koma pa fulemu pamamatira batire, ndipo m'kati mwa gudumu lakumbuyo mwabisala mota.

Sizinachuluke ayi. Ku China njinga zoterezi zilipo zoposa 300 miliyoni, pomwe kuno nkhani zake ndi zimene zachuluka kuposa njingazo. Nazi zina zimene zikuyenda pa bawo ndi pa masiteji a kabaza.

Mnyamata wina wa cha ku Embangweni anafika nayo kwawo n'kuiimika pabwalo. Bambo ake, amene anakumbako golide pa unyamata wawo, anaizungulira mwakachetechete, n'kugogoda tayala ndi ndodo.

"Imadya chiyani?"

"Magetsi, Adada."

"Ife muno magetsi tinawaonapo?"

"Tizikatchaja pa msika, Adada."

"Ndiye uzipita nayo ku msika kukaidyetsa, pobwerera kuno izidya zomwe waidyetsazo, mawa uyambirenso?" Mkuluyo anapukusa mutu. "Humber yanga inkadya sima imene ndadya ine. Mbale imodzi, tonse awiri takhuta."

Adadawo anakokomeza pang'ono. Batire yodzadza bwino imayenda makilomita 30 mpaka 60, kutengera kulemera kwa wokwera, katundu ndi zitunda za m'njira. Kuidzadza kumatenga maola 4 mpaka 6, ndipo magetsi ake sakwana n'komwe yunitsi imodzi. Zambiri zimakhuta ndi theka. Mukawerengera ndalama, palibe petulo amene angapikisane nayo. Pamene pagona nkhani ndi pa soketi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni.

N'chifukwa chake zinachitika zimene zinachitika pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa Jenda kupita ku Edingeni, msewu uja andale akhala akuulonjeza phula chisankho ndi chisankho. Pamenepo pali mnyamata wometa tsitsi amene amatchajanso mafoni ndi sola. Pakhoma analemba ndi choko kuti batire iliyonse mtengo ndi umodzi. Tsiku lina chakumadzulo kunalowa bambo atakumbatira chibatire chotalika mkono wathunthu.

"Mwalemba kuti batire iliyonse, eti?"

"Eya, bwana."

"Nayi."

Mnyamatayo sanadziwe kuti chibatirecho chimameza magetsi okwanira mafoni oposa 20. Anachilumikiza ku inveta n'kupitiriza kumeta kasitomala wake, amene ukwati wake unali mawa lake m'mawa. Makina anayenda bwinobwino mbali imodzi ya mutu, inveta inalira tswii, kenako zonse zii. Dzuwa nalo linali litapita. Akuti mkwatiyo anakamalizidwa kunyumba ndi lezala, powala tochi ya foni, ndipo zithunzi zonse za ukwatiwo anajambulitsa atatembenukira kumanzere. Kutacha, pansi pa mtengo uja pakhoma panaonjezeredwa mzere wina: "Ya njinga tikambirane."

*

Mkulu wampingo wina, wa zaka zoposa 70, ankadziwika kuti chitunda cha pafupi ndi tchalitchi amachikwera akukankha njinga, n'kupumira kawiri panjira. Lamulungu lina anthu anangoona akudutsa anyamata a kwaya pa chitunda chomwecho, msana uli njo, jekete yomanga mabatani onse, miyendo ikungozungulira mwaulemu, pamphumi popanda ngakhale dontho. Batire inali itabisika kuseri kwa chikwama cha Baibulo. Pofika Lachitatu dera lonse linali litadziwa kuti mkuluyo anadutsa malire kupita ku Lundazi kukatemera miyendo. Wakabaza wina anafika kwawo usiku, nkhuku ili m'khwapa, kudzapempha dzina la sing'angayo.

Nkhani inakafika ku bwalo la akulu ampingo, ndipo woimbidwa mlandu anabwera ndi njingayo kuti imuchitire umboni. Abusa anati mlandu saweruza umboni asanauone. Anapinda thalauza, anakwera, anazungulira tchalitchi kamodzi, kawiri, kachitatu analunjika kumsewu. Akulu ampingo anadikira. Anaimba nyimbo. Anakambirana za denga lodontha. Anatseka ndi pemphero. Abusa anatulukira kutada, akukankha njingayo batire itatheratu, thukuta lili kamukamu, n'kulengeza kuti mkuluyo alibe mlandu uliwonse, koma kuti umboniwo uyenera kuunikidwanso Loweruka, lomwe mwangozi linalinso tsiku lawo loyendera akhristu a kutali.

Pa boma, wakabaza wina anasiya yakapalasa n'kutenga yamagetsi. Ananyamula mayi wina ndi dengu la tomato kuchokera ku depoti. Pofika, mayiwo anamasula mfundo ya chitenje n'kumupatsa ndalama.

"Amama, mwandipatsa theka."

"Mwana wanga, njira yonseyi ndimakuyang'ana kumsana. Shati ndi youma gwa. Ndikulipire chiyani, kukhala pachishalo? Nanenso ndinakhala."

Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo amayenda ndi botolo la madzi. Akayandikira potsitsa kasitomala amadzithira pamsana, ndipo pachitunda amabuula momvetsa chisoni pomwe ntchito yonse ikugwira ndi mota. Anzake akuti tsopano amaweruka atatopa ndi kubuula kuposa mmene ankatopera ndi kupalasa.

Ine mayiwo ndimawamvetsa, koma ndili mbali ya mnyamatayo. Kabaza wakapalasa ndi ntchito yodya maondo, ndipo chibwerereni njinga zamoto, makasitomala a changu onse anathawira kumeneko. Wopalasa anatsala ndi matumba a makala ndi anthu okonda kunenerera. Ngati pali munthu mu Mzimba muno amene mota ya m'gudumu ingamuthandize zenizeni, ndi ameneyu, osati uja wogula kuti anthu amuone pa Khirisimasi.

*

Mu 2022, komanso chakumapeto kwa 2024, mafuta atasowa m'dziko muno, galimoto ndi njinga zamoto zinkagona pamzere pa malo omwetsera mafuta, zigubu zili ndandanda. Mphunzitsi wina wa pa boma ndiye anapeza pomwera tiyi. M'mawa uliwonse ankadutsa pamzerepo ndi njinga yake yamagetsi, mwapang'onopang'ono kuti aliyense aone, akuliza belu.

"Monire mose! Mukadali pompano?"

Anthu ankadziwa kuti sukulu yawo ili mbali ina, ndipo kudutsa pamenepo kunali kuzungulira. Anangosunga mumtima. Koma 2022 ndi chaka chomwe namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Ndiye tsiku linafika pamene soketi ya aphunzitsi inakhala chete usiku wonse. Iwo anati kamzere kamodzi kotsala pa batire kakwanira. Sikanakwanire. Ndipo njinga yamagetsi ikafa simayamba kupepuka: ndi makilogalamu 25 kapena kuposerapo, oti uwakankhe wekha. Masana omwewo thanki ya mafuta inafika pa boma.

Akabaza onse amene anamwetsa tsiku limenelo anapeza chifukwa chodutsira njira ya aphunzitsi. Aliyense ankachepetsa liwiro, kuliza hutala, n'kuvula chipewa mwaulemu: "Aphunzitsi, mukadali pompano?" Womaliza anali wachifundo. Anatulutsa chingwe n'kuwakoka mpaka kunyumba, pa mtengo wa anthu awiri, chifukwa njingayo anaiwerengera ngati kasitomala payokha.

Ku Hora, pa mwambo wa Umthetho mu Ogasiti, akuti kunafika mkulu wina atavala zikopa ndi nthenga zonse, chishango kumsana, chibonga atachimangirira pa keliyala, njinga ikudziyendera yokha. Anzake atamunyoza kuti Mngoni weniweni sakwera zaulesi, iye anati miyendo akuisungira ingoma. Anavinadi mpaka fumbi koboo, onyozawo atakhala pansi akusisita akatumba.

Wagolosale wina wa cha ku Champhira ankavutika ndi angongole. Njinga yake yamoto inkamveka ikadali kutsidya kwa dambo, ndipo pofika pamudzi ankapeza zitseko zotseka, ana okhaokha pabwalo, onse ataphunzitsidwa yankho limodzi: "Adada apita ku maliro." Mlamu wake atamubwereka yamagetsi, anatulukira pakati pa mudzi popanda ngakhale galu kuuwa. Anapeza bambo wa ku maliro uja ali pamphasa akusenda mtedza, wina wa kuchipatala akukhoma khola, ndipo wachitatu, amene akuti anasamukira ku Kasungu, akumumwetulira ndi chipanda cha masese m'manja. Tsiku limenelo kope la ngongole linapepuka. Panopa mudziwo unalemba ntchito kamnyamata kena kokhala pachulu, malipiro ake zitumbuwa ziwiri, zomwe amakatenga pangongole ku golosale yomweyo.

Pa rodibuloko ina, wapolisi anaimitsa mnyamata amene anabwera liwiro lodabwitsa miyendo ili phee.

"Laisensi."

"Ndi yakapalasa iyi, bwana. Onani mapedulo."

"Nanga bwanji simumapalasa?"

"Ndinali kupuma, bwana."

"Kupuma pachitunda?"

Mnyamatayo anaona kuti apa pafunika sukulu. Anafotokoza kuti ku Ulaya, njinga ya mota yosapitirira mawati 250, imene imasiya kuthandiza wokwera ikafika liwiro la makilomita 25 pa ola, imatengedwa ngati yakapalasa, ndipo safunsa laisensi. Zimenezo n'zoona ndithu, kungoti lamulo la kumeneko limanenanso kuti mota izithandiza pokhapokha munthu akupalasa, ndipo mbali imeneyo mnyamatayo anaidumpha. Wapolisiyo anamvetsera mpaka kumapeto, anayang'ana uku ndi uku, kumapiri ndi kuminda ya fodya, n'kufunsa mofatsa: "Achimwene, mwaona chiyani pano chimene chakukumbutsani ku Ulaya?" Anamulola kupita, koma anamuuza kuti popeza ndi yakapalasa, apalase mpaka asaonekenso. Msewu wake pamenepo ndi woongoka, ndipo ndi wokwera.

*

Kwa M'mbelwa malowolo amawerengedwa ng'ombe, ngakhale pamene chikuperekedwa ndi ndalama. Mnyamata wina anaperewera ng'ombe imodzi, ndiye thenga wake anakankhira njinga yamagetsi pabwalo, yonyezimira, mapulasitiki asanachotse. Asibweni a mtsikana anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yaikazi?"

"Ndi njinga, Asibweni."

"Ndikufunsa ngati idzabereke."

"Sibereka."

"Imakoka ngolo?"

"Ayi."

"Manyowa?"

"Ayi, koma sifuna mbusa, sifuna dibi, ndipo silowa m'munda wa eni."

Apa asibweni anagwedeza mutu, chifukwa milandu ya ng'ombe zodya chimanga cha eni anali ataipereka kokwanira. Kenako anafunsa funso limene wogula aliyense amayenera kufunsa: "Nanga ikakalamba?" Thenga anavomera kuti batire ikatchajidwa ka 500 mpaka ka 1,000 imayamba kufooka, ndipo pa njinga yonse chodula kwambiri ndi chomwecho. Atatchula mtengo wa yatsopano, asibweni anaitanitsa madzi akumwa.

"Ng'ombe ikakalamba timaitana mudzi wonse kudzadya," anatero. "Iyi ikakalamba tidzaitana ndani?"

Anagwirizana kuti njingayo ikhale chikole mpaka ng'ombe itapezeka. Papita nthawi ndithu. Asibweni amaoneka nayo ku msika, ku maliro, ku misonkhano ya makuponi. Mkamwini akangoyamba kuti "Za ng'ombe ija, Asibweni," iwo amamudula: "Usadzipanikize, mwana wanga. Zinthu zavuta masiku ano."

Bambo wina pobwerera ku Joni mu Januwale anasiya njinga koma anatenga tchaja, kuti anthu asamuthere batire iye kulibe. Mkazi wake anapitiriza kusenza chimanga pamutu kupita ku chigayo, njinga ili m'chipinda itafunditsidwa nsalu. Pa WhatsApp funso loyamba linkakhala la njinga, lachiwiri la ng'ombe, ana pambuyo. Chimene bamboyo sankadziwa n'chakuti batire ya lithium ikakhala miyezi yambirimbiri yosatchajidwa imatha kutsikiratu mpaka kukana kudzukanso. Atabwera anailumikiza, kagetsi sikanayake. Anasintha soketi, anapukuta mawaya, anaiika padzuwa. Mkazi wake anali pakhomo akupeta.

"Yakwiya," anatero mayiyo osadzutsa mutu. "Chaka chathunthu osaitumizira kanthu, mufike lero muziti iseke?"

Mayi ameneyu akanamva za ku Wedza, ku Zimbabwe, mwina akanawonjezera mawu. Kumeneko bungwe la Mobility for Africa linayamba kubwereketsa njinga zamagetsi za magudumu atatu, zotchedwa Hamba, kwa amayi akumudzi, n'kumatchaja mabatire ake ndi sola. Zimanyamula madzi, mbewu, nkhuni ndi odwala. Kunotu katundu wolemera amayenda pamutu pa amayi, pomwe njinga yabwino imayenda ndi bambo ndi nyuzipepala.

Mu Juni ndi Julayi Mzimba amazizira mpaka mano kugundana, ndipo batire nayo kukazizira imafulumira kutha. Agogo ena atamva mdzukulu wawo akudandaula zimenezi, anachita zimene amachitira aliyense wozizidwa: anaikulunga m'bulangeti n'kuigoneka pafupi ndi moto kukhitchini. Mdzukuluyo anadumpha mpanda wa mbuzi pothamangira kukailanditsa, agogo akumukalipira kuti alibe chisoni.

Apa ndiyambe ndasiya kaye nthabwala. Batire imeneyi ikatenthedwa, ikaphwanyika kapena ikatchajidwa ndi tchaja yosakhala yake, imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Mu 2023 mumzinda wa New York mabatire otere anayambitsa moto maulendo oposa 260 ndipo anthu 18 anafa. Ndege zonyamula anthu sizilola batire yaikulu chotere, n'chifukwa chake zathuzi zimayenda pansi. Kuitchaja usiku anthu ali m'tulo, pafupi ndi khomo lotulukira, m'nyumba ya udzu, ndi kuputa tsoka dala.

Akuba nawo anazindikira msanga kuti ndalama ili pa batire, ndiye eni njinga amaichotsa n'kumayenda nayo kulikonse. Bambo wina analowa nayo m'tchalitchi ataikulunga m'pepala la khaki. Nthawi ya chopereka cha masika anaiika pansi kuti apise m'thumba. Pocheuka anapeza yapita kale kutsogolo pamodzi ndi maungu ndi nkhuku, mlembi akufunsa kuti alembe dzina la ndani. Anachita kuiombola pa mtengo umene mpingo unagwirizana.

*

Njinga za Buffalo zimene bungwe la World Bicycle Relief limagawa ndi kugulitsa m'dziko muno zimalimba m'midzi chifukwa pambali pa chitsulo chake, eni ake amaphunzitsa amakaniko ndi kutsegula mashopu a zipangizo. Njinga zamoto zinadzadza misewu yathu pamene pulagi ndi tcheni zinayamba kupezeka pa msika uliwonse. Ku Kigali, kampani ya Ampersand inathetsa nkhani yodikira soketi: wakabaza amangofika pa siteshoni, kusiya batire yotha, kutenga yodzadza, ulendo. Dzuwa ku Mzimba lilipo lokwanira kuchita zomwezo. Koma lero, kabokosi koyendetsa mota kakapsa, mwini njinga amatumiza uthenga ku Johannesburg n'kuyamba kudikira wobwera. Akatopa kudikira, amapita pansi pa mtengo wa mango, kwa dokotala wa njinga zonse.

Mmisiri wa pansi pa mtengo sananenepo kuti chinthu sachidziwa. Wina wa pakati pa Jenda ndi boma analandira njinga yamagetsi imene inangoima yokha. Anamasula gudumu, anapeza mawaya a kopa ndi maginito, anati "Ooh, ndi izi basi?" ngati amazigwira tsiku ndi tsiku. Anadula apa, analumikiza apo, anakulunga ndi mphira wa chubu. Pomanga panatsala timabawuti titatu ndi kawaya kamodzi, ndipo anafotokoza kuti azungu amakonda kuika zinthu zambiri zosafunika.

Mota yamtunduwu ili ndi mawaya atatu akuluakulu ndi ena ang'onoang'ono, ndipo ukawasemphanitsa imatha kuzungulira chobwerera. Mwini njinga anakwera, analoza ku boma, anapotokola chogwirira. Njinga inanyamuka mwamphamvu chafutambuyo n'kukamutula m'mulu wa matayala akale.

"Adada, mwaichita chiyani njinga yanga?"

"Munabwera nayo ikuyenda?"

"Ayi."

"Pano ikuyenda?"

"Ikuyenda, koma ikubwerera m'mbuyo!"

"Ndiye vuto lili pati? Mukafuna ku boma, muziloza ku Jenda." Mmisiriyo anapukuta manja pa ovolosi n'kutambasula dzanja. "Ya ntchito ndi imeneyo. Mukafuna galasi loonera kumbuyo, ndili nalo, koma mtengo wake ndi wapadera."